Malo Amene Che Jafali Anasiyira Yusufu

Munali mu 2021, ndili ndi zaka 63, pamene kampani yathu inayamba kuchepetsa asilikali ake. Tinkawatchula kuti asilikali ngakhale sanali a boma. Anali alonda a mfuti, operekeza malole a katundu kuchokera ku Jet Park, kuno ku Joni, kupita kulikonse kumene katunduyo wagulidwa. Ine ndinali sajeni wawo. Kiyi wa chipinda cha mfuti ankakhala m'thumba mwanga.

Ntchitoyo sindinaipeze ndi kalata. Mgodi umene ndinkagwirako utatsekedwa, mkulu wina wa kwathu ku Ntcheu, amene ankafuna kubwerera kumudzi, ananditenga n'kukandiimika pamaso pa mwini kampani, mzungu wachibunu amene tinkamutchula Bwana Koos. Anamuuza kuti uyu akulowa m'malo mwanga, akalakwa mlandu ndi wanga. Bwana Koos anandiyang'ana manja, anandifunsa m'Chifanakalo, chinenero cha ku mgodi, ngati ndimamwa mowa, basi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 ndipo palibe anafunsa. Mapepala okhalira m'dziko muno ndinali nawo kuchokera ku mgodi. Anandiperekeza ku maphunziro a mfuti, ndinakhoza, ndinayamba.

Umu ndi mmene tinkalowera tonse a kwathu. Malo anali ngati munda. Munthu akakalamba ankabweretsa wake, kawirikawiri mwana wa mlongo wake, n'kumusiya pamenepo. Bwana Koos ankakonda zimenezi chifukwa mnyamata wobweretsedwa ndi amalume ake saba, amaopa kunyozetsa dzina. Sizinalembedwe paliponse, koma aliyense ankazidziwa, ngakhale Azulu ndi Asutu amene tinkagwira nawo, ndipo nawonso ankachita zomwezo.

Ntchito yanga inali ya pazenera. Chipinda cha mfuti chinali ndi chitseko chachitsulo ndi zenera limodzi la zitsulo. Munthu akabwera m'mawa ndinkamupatsa mfuti yopanda kanthu, magazini a zipolopolo padera. Ankapita pa mgolo wa mchenga umene unali pambali pa zenera, n'kulozetsa mfutiyo mumchenga, ndiye n'kulowetsa magazini. Pobweza zinkayenda chobwerera. Magazini kunja, kukoka kawiri kuti chipolopolo chotsalira chituluke, kuyang'ana m'kati ndi diso, kukhudza ndi chala, kenako kundipatsa chogwirira chili mbali yanga. Zipolopolo ndinkaziika pa thabwa la mabowo. Bowo likatsala lopanda kanthu, munthuyo sankapita kunyumba mpaka atafotokoza. Wailesi ya m'manja inkabwereranso kwa ine kuti ndiitchaje. Vesiti yotchinga zipolopolo yokha ndiyo sinkabwera pazenera. Aliyense anali ndi yake, yomuyenera thupi, yonunkha thukuta lake, ndipo ankaipachika yekha m'kabati yake.

Panali lamulo limodzi limene sindinaliphwanyepo. Munthu sauzidwa nkhani yoipa ali ndi mfuti. Kaya ndi maliro, kaya mkazi wachoka, kaya ntchito yatha, uyambe walandira mfuti. Ndinasungapo uthenga wa imfa ya mwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, bambo ake ali pa msewu wa ku Durban. Sindinagone bwino sabata imeneyo, koma bamboyo anafika wamoyo ndipo mnzake wa m'galimoto anafikanso wamoyo.

Kampani inayamba kudwala pang'onopang'ono. Eni katundu anaika timakina tolondolera malole ndi makamera, ndipo anati galimoto imodzi ya alonda ikwanira malole ambiri. Mliri wa padziko lonse uja utatseka misika, malole enieniwo anachepa. Kenako kampani ina yaikulu inagula yathu. Bwana Koos anatsala mu ofesi yake yomweyo, pa mpando womwewo, ndipo ife tinkaona ngati palibe chasintha. Chatsopano chinali mayi mmodzi amene anatumizidwa kuchokera ku likulu kudzayang'anira za antchito, Mayi Mokoena. Anali wa msinkhu wa mwana wanga wamkazi. Ankandipatsa moni bwino ndipo sankakweza mawu.

Iwo ndi amene anatisonkhanitsa pabwalo n'kutiuza kuti gulu lichepetsedwa. Anati ayamba ndi ofuna kuchoka okha, amenewo apatsidwa kenakake kowonjezera. Akapanda kukwana, kampani isankha yokha. Sabata yomweyo ndinaona anyamata ndi atsikana atsopano atafola pageti ndi mafaelo m'manja. Ndinalowa mu ofesi ya Mayi Mokoena osagogoda. Ndinafunsa kuti munthu angamachotse bwanji asilikali khomo lakumaso uku akulowetsa ena khomo lakumbuyo.

"Sajeni, tikasiya kulemba atsopano, pakatha zaka khumi gulu lonse lidzakhala la nkhalamba, ndipo sajeni wina sadzapezeka," anatero. "Lichepe, koma lisakalambe lonse pamodzi."

Ndinatuluka. Zinali zoona. Ndinalinso kudziwa kuti ophunzirawo ndi otchipa, koma zimenezo sizinafafanize choonadi chinacho.

A kwathu tinalipo khumi. Ine, akuluakulu asanu, ndi achinyamata anayi amene akuluakuluwo anawabweretsa. Wamkulu pa tonse anali Che Jafali, Myao wa ku Machinga. Ndinayenda nawo m'galimoto imodzi zaka zambiri ndisanapatsidwe zenera. Anali munthu woonda, wa ndevu zoyera, wosakwiya msanga. Ankandinena kuti Mngoni akagwira mfuti amaiwala kuti nkhondo inatha kalekale, ine n'kumawayankha kuti Myao amaperekeza lole uku akuwerengera mtengo wa katundu ali m'katimo. Mnyamata wawo anali Yusufu, mwana wa mlongo wawo. Anabwera ku Joni ali wakhanda, anakulira ku Vosloorus, ndipo Chizulu chinkamutuluka msanga kuposa Chichewa. Mayi ake atamwalira, Che Jafali ndiwo anamulera. Anali atagwira nafe zaka zinayi, ali ndi mkazi ndi ana awiri. Pa msewu anali wabwino. Sankagona, sankasewera ndi foni.

Lamlungu lina tinakumana kuseri kwa nyumba imene Che Jafali ankachita lendi ku Vosloorus. Tinakhala pa makreti ndi pa zidebe. Achinyamata anakhala chapatali, mmene zimayenera. Nkhani inali imodzi: kampani ikayamba kusankha yokha, idzayamba ndi olowa kumapeto, ndipo olowa kumapeto ndi ana athu. Wina anati tingodikira tione. Wina anati tipite kwa a bungwe la antchito, koma anzake anamuseka chifukwa anali asanapiteko ku msonkhano ndi umodzi womwe. Che Jafali analankhula pomaliza. Anati iwo nyumba anamanga kale kumudzi, ya malata, mawondo akuwawa, maso ayamba kuchita chifunga masana. Anati kampani ikufuna mitu, ndiye tiipatse mitu ya imvi.

"Malo anga ndinasungira Yusufu kuyambira kale," anatero. "Ndikachoka lero kapena chaka chamawa, n'chimodzimodzi. Bola iyeyo akhale."

Akuluakulu enawo anavomera mmodzimmodzi. Palibe anakakamizidwa, ngakhale mmodzi anavomera akuyang'ana pansi chifukwa kumudzi analibe kanthu koma maziko okha. Ine ndinati nanenso ndichoka nawo. Anakana. Anati inu khalani pazenera, mukhale diso lathu, anawa asasiyidwe okha. Yusufu anayesa kulankhula, koma amalume ake anamuletsa ndi diso.

Lolemba ndinawatsogolera asanuwo kwa Bwana Koos. Ndinafotokoza ndine. Asanu achoka okha, anayi atsale. Bwana Koos anaimirira, anagwira dzanja la aliyense, ndipo pa Che Jafali anachedwa. Anati malinga iye ali pano, anyamatawo palibe adzawakhudze. Sankanama. Kwa zaka zoposa makumi awiri mawu a munthu ameneyo anali okwanira, ndipo panalibe chifukwa chofunira ena. Asanuwo anakasayina kwa Mayi Mokoena tsiku lomwelo. Mayiwo anafunsa aliyense payekha ngati akuchoka mwa kufuna kwake. Aliyense anati inde. Sanafunse zina, ifenso sitinanene zina, chifukwa nkhani inali itatha kale ndi mwini wake.

Kumapeto kwa mwezi anabweza mfuti zawo. Che Jafali anatsuka yawo ngakhale inali yoyera kale. Vesiti yawo anaipinda n'kuiika pazenera okha ndisanapemphe.

Miyezi yotsatira ndinaphunzitsa atsopano aja. Sindiwanyoza. Ena anali aulesi, ena anali abwino, monga anthu onse. Mtsikana wina wa ku Tembisa ankamasula ndi kumanga mfuti mofulumira kuposa amuna onse. Pa msewu ndinkawapereka kwa Yusufu chifukwa anali woleza mtima ndipo ankalankhula chinenero chawo. Anawaphunzitsa kutalikirana ndi lole, kuyang'ana galimoto imene yakhala kumbuyo nthawi yaitali, kusaima pa malo amodzi kawiri. Ankabwera pazenera akuseka, n'kumati madala, ana anu awa andikalambitsa.

Che Jafali sanapite kumudzi msanga. Ankadikira za penshoni, zimene zinkachedwa. Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti ankakwera takisi n'kubwera ku Jet Park. Mkati sankaloledwanso. Ankakhala kunja kwa geti pa benchi ya mayi wina wogulitsa tiyi ndi magwinya, mandasi a kuno, n'kumadikira Yusufu kuti abwerere limodzi. Ndikapeza mpata ndinkatuluka kukakhala nawo.

Kenako Lolemba lina malo oimikapo galimoto ya Bwana Koos anali opanda kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anthu awiri anatulutsa mpando wake ndi zithunzi za ana ake. Anatiuza kuti wapuma. Sanabwere kudzatsanzika, ndipo sindikhulupirira kuti anapatsidwa mpata.

Lachisanu la sabata yotsatira, magalimoto atatuluka m'mawa, Mayi Mokoena anandiitana. Anati ochoka okha sanakwane mmene likulu linkafunira, ndiye gawo lachiwiri layamba, ndipo likutsata lamulo la wolowa kumapeto. Anati anakambirana kale ndi a bungwe la antchito. Ophunzira sakuwerengedwa chifukwa sanalembedwe ntchito yokhazikika. Anatchula maina. Anyamata athu anayi onse analimo. Atatu anali pa tchuthi cha sabata, adzauzidwa Lolemba. Yusufu anali pa msewu, ndipo anayenera kuuzidwa tsiku lomwelo akabwera.

Ndinawauza za Lamlungu lija ku Vosloorus, za asanu aja, za dzanja la Bwana Koos. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anavula magalasi awo. Anati palibe anawauzapo zimenezi, ndipo akanauzidwa akanawaletsa akuluakuluwo kusayina. Ndinati ndiye mwamva tsopano, konzani.

"Munthu akachoka mwa kufuna kwake, malo ake amafufutidwa tsiku lomwelo, Sajeni. Sapita kwa wina aliyense. Palibe chimene anasiyira mnyamatayo."

Ndinati chotsani ine, Yusufu atsale. Anati malo anga ndi a sajeni, si a mlonda wa pa msewu, ndipo ndikachoka nawonso afufutidwa. Anaimba foni ku likulu ine ndili pomwepo. Analankhula nthawi yaitali m'Chingerezi, ndipo ndinamva mawu awo akukwera koyamba. Ataika foni pansi anangopukusa mutu.

Ndinabwerera ku chipinda cha mfuti. Ndinapukuta mashelefu amene anali oyera kale. Masana mlonda wa pageti anabwera kudzandiuza kuti mdala wanu uja wafika.

Ndikanatha kusatuluka. Koma Lachisanu lililonse ndinkatuluka, ndipo kusatuluka kukanakhala uthenga. Che Jafali anali ndi foni, Yusufu anali ndi foni, ndipo Yusufu anali pa msewu wa N3 ndi mfuti yaitali pamiyendo, mnyamata wophunzira akuyendetsa. Ndinatuluka.

Anali atavala mkanjo woyera ndi kachisoti kawo. Anandiitanitsira tiyi ndisanakhale pansi. Anali osangalala. Anati za penshoni zatheka, mwezi wamawa akwera basi. Anati agula mbuzi, ndipo ndikadzabwera kudzawaona adzandiphera imodzi, koma adzazinga okha chifukwa Mngoni amapha nyama ngati akumenyana nayo. Ndinaseka pang'ono. Anafunsa za Bwana Koos, ndinati wapuma. Anati wachita bwino, nayenso wakalamba. Kenako anafunsa mmene mwana akugwirira ntchito. Ndinati akugwira bwino. Zimenezo zinali zoona. Anafunsa ngati angadzakhale sajeni tsiku lina. Ndinati mutu ali nawo. Tiyi ndinamwa yense, ndipo gwinya limene anandigulira ndinadya. Ndinawauza kuti ntchito ikundidikira, n'kulowa.

Galimoto ya Yusufu inalowa dzuwa litapendeka. Yusufu anawakwezera dzanja amalume ake podutsa pageti. Anafika pa mgolo wa mchenga akuimba kanyimbo. Magazini kunja. Anakoka kawiri. Anayang'ana, anakhudza, anandipatsa. Ndinaika zipolopolo pa thabwa, mabowo onse anadzaza. Anapereka wailesi. Ndinatseka mfuti m'kabati yachitsulo, kiyi m'thumba. Anali atatembenuka kale kuti azipita.

Ndinati, "Yusufu, vesiti nayonso."

Anaima. Aliyense pa kampani ankadziwa tanthauzo la vesiti pazenera. Sanafunse chifukwa. Anamasula malamba a m'mbali pang'onopang'ono, anaivula, anaiika. Malaya ake anali onyowa pachifuwa ndi kumsana. Mnyamata wophunzira uja anali ataima kumbuyo kwake kudikira kubweza yake mfuti, ndipo ndinamuuza kuti akadikire panja.

"Amalume akudziwa?" anafunsa.

Ndinati ayi. Ndinamuuza kuti Mayi Mokoena akumudikira mu ofesi. Anati ayambe wakaonana ndi amalume ake, ndipo sindinamuletse.

Ndinawaona kudzera pa mpanda. Yusufu anagwada pambali pa benchi, mmene sindinamuonepo akuchitira, ndipo analankhula mwachidule. Che Jafali anakhala osagwedezeka. Kenako anaimirira, anakonza mkanjo wawo, n'kuyenda kulowa pageti. Mlonda anali mmodzi wa atsopano, anayesa kuwaimitsa. Ndinamukuwira kuti awasiye.

Tinalowa atatu mu ofesi. Mayi Mokoena anaimirira n'kuwapatsa mpando wawo. Che Jafali anakana kukhala. Analankhula Chizulu chawo cha ku mgodi, mwaulemu. Sanapemphe chifundo. Anati panachitika kulakwitsa, iwo anapereka malo awo kwa mwanayu, ndiye ngati sanafike kwa mwanayu awabwezere, adzawapereke bwino. Anati ndalama zowonjezera zija sanadye, abweza zonse. Mayi Mokoena anafotokozanso zimene anandiuza m'mawa. Anafotokoza kawiri, kachiwiri pang'onopang'ono. Che Jafali anafunsa kuti nanga malowo ali kuti tsopano, ali ndi ndani. Mayiwo anati palibe ali nawo, kulibe. Che Jafali anati zaka zonse zija iwo ankaima penapake, ndipo penapakepo sipangasowe ngati utsi. Yusufu anawagwira pamkono n'kunena kuti tiyeni amalume.

Panja Che Jafali anaima patsogolo panga. Sanakweze mawu.

"Achimwene, munamwa tiyi wanga mukudziwa."

"Ndinamwa. Mwanayo anali ndi mfuti."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Iwo ankalidziwa lamulolo kuposa ine, chifukwa ndi iwo anandiphunzitsa ndili watsopano. Sananene kuti ndinalakwa. Anatuluka pageti, Yusufu ali pambuyo pawo atanyamula thumba la pulasitiki la zinthu za m'kabati yake, ndipo anakaima pa msewu kudikira takisi. Ine ndinabwerera pazenera chifukwa magalimoto ena anali asanalowe.

Lolemba ndinalandira mavesiti ena atatu.

Amene mukufuna ntchito imeneyi, kapena mwapatsidwa gulu la anthu a mfuti kuti mulichepetse, imvani. Gulu likamachepa, malo sasiyiridwa munthu. Wochoka amachoka nawo. Musalole mkulu aliyense kusayina poganiza kuti akupulumutsa mwana, ndipo wina akakulonjezani, yambani mwafunsa ngati iyeyo adzakhalepo. Mfuti landirani musanalankhule. Zimenezi muzichita ngakhale zikudyereni mnzanu, ndipo zidzakudyerani.

Ine anandisunga mpaka atsopano aja atadziwa ntchito, kenako chaka chotsatira chipinda cha mfuti anachiphatikiza ndi cha ku likulu, zenera langa analitseka ndi njerwa. Ndimakhala ku Kempton Park m'chipinda chimodzi. Yusufu ndimamuona nthawi zina pa malo oimika magalimoto pafupi ndi siteshoni, atavala kansalu kachikasu, akulozera anthu poimika. Amandipatsa moni, ndimayankha, sitipitirira pamenepo. Che Jafali anakwera basi yawo. Ndinamva kuti mbuzi anagula, koma anazigulitsanso kuti azithandiza ana a Yusufu. Ndinawaimbirapo foni kawiri, inalira mpaka kuduka.

Tinalipo khumi a kwathu pa kampani ija. Asanu anachoka okha kuti anayi atsale. Anayiwo anachotsedwa. Wakhumi ndine. Mwa asanu aja, awiri anamwalira kumudzi, ndipo mmodzi, wa maziko uja, sanapite n'komwe, amagona kwa anthu ku Vosloorus. Malo khumi, osatsala ndi amodzi. Ndinatayanso mnzanga mmodzi, amene akadali moyo.